Makina akale, masipeya osowa: kodi munthu angadye nayo ntchito imeneyi?

Thoko wa pa Goliati:
Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Ine ndi mwana wanu, ndikuphunzira za uinjiniya chaka chachitatu ndipo panopa ndili pa atachimenti pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo, dzina sinditchula. Sabata yatha Lachiwiri cha m'ma 11 usiku draya youmitsira tiyi inangoti zii, masamba ali thoo m'matirafu mofotetsera, mawa lake mathirakitala abweranso ndi ena. Atatsegula panelo anapeza kuti khadi imodzi ya mu PLC, kakompyuta kamene kamalamulira makina, yapsa, Siemens S5 yoti inaikidwa ine ndisanabadwe. Kutacha anaimba ku Blantyre palibe, ku Johannesburg anayankha kuti zimenezo anasiya kupanga kalekale, mwina afufuze yakale koma mtengo ndi wa madola komanso tidikire masabata. Anatipulumutsa ndi bambo wina wamagetsi amene anakumbuka kuti pali laini ina inazulidwa zaka zapitazo ndipo panelo yake inaponyedwa mu shedi kuseri kwa boyila. Tinapita ndi tochi, kuchotsa akangaude ndi zitosi za mileme, khadi n'kuipeza, kuikamo n'kugwira. Kuchokera tsiku limenelo mutu wanga sukupuma, bambo aja akanakhala pa tchuthi zikanatha bwanji? Ndawerenga kuti kunja kuli mainjiniya ntchito yawo ndi yomweyi basi, kuyang'anira zida zimene opanga asiya kapena atsala pang'ono kusiya kupanga, amati obsolescence management. Kodi kuno kwathu munthu angadye nayo? Kapena ndingotsata za design ngati anzanga?

Agogo Fitala, Luchenza:
Mwanangu wafunsa bwino. Ine ndagwira m'mafakitale a tiyi zaka 34 ndinapuma 2016. Ntchito ukunenayo ilipo kuyambira kale koma inalibe dzina, imagwiridwa ndi fitala wamkulu ndi wa ku sitolo, popanda wowalipira pa zimenezo.

Ndikuuze za mabawuti. Makina ambiri amene ine ndinawapeza anali a ku Britain, pa chitsulo panali patalembedwa Marshall, Gainsborough, ena Sirocco, Belfast. Makampani amenewo za makina a tiyi anasiya kalekale koma zitsulo zawo zikanalipo m'mashedi muno. Mabawuti ake ndi a Whitworth, a mainchi, mathiredi ake amapendama madigiri 55 pamene a metric amene mumagula lero ndi 60. Mnyamata wosadziwa amatenga M12 n'kukakamiza pa bowo la hafu inchi, imalowa pang'ono n'kuyamba kulimba, iye n'kuwonjezera paipi pa sipanala, basi waononga kasting'i yoti simudzaipezanso. Ngakhale hafu inchi yomweyo, ya Whitworth ili ndi mathiredi 12 pa inchi, ya Amereka ili ndi 13, pamaso zimaoneka zofanana. Zimenezi ndinaziphunzira ndi misozi.

Thoko wa pa Goliati:
Agogo zikomo, za 12 ndi 13 zo sindimadziwa ngakhale pang'ono. Ndiye mukasowa mumatani?

Agogo Fitala, Luchenza:
Timasema tokha pa lathe. Shafuti ikaduka umatenga zidutswa ziwiri zija, kuyeza ndi veniya, kujambula pa pepala, kusaka chitsulo choyenera osati chilichonse, nthawi zina akiselo ya lole yakufa imatithandiza. Magiya akuluakulu ndi zofuna kusungunula ndiye timatumiza ku Blantyre. Koma chachikulu ndinali ndi hadikava yanga yakuda, chilichonse ndasema ndimalemba, makina ake, miyeso, tsiku, chitsulo chimene ndagwiritsa, ndi kuti chakhala miyezi ingati chisanadyeke. Makope anakwana asanu ndi limodzi. Tsiku lopuma ntchito palibe anandifunsa za makopewo, anandipatsa wailesi ndi bulangete, makope ndinabwera nawo kunyumba ali mu sutikesi pansi pa bedi.

Kondwa wa Automation:
Ndi ulemu wonse kwa agogo, ine ndikuona mosiyana. Mlongo wanga Thoko usataye unyamata wako posaka makhadi m'mashedi a mileme. S5 imeneyo yofunika kuizula basi, kuika PLC yatsopano, kulembanso pulogalamu, nkhani yatha. Vuto lathu Amalawi timakonda kumata zigamba mpaka chinthu chiphe munthu. Phunzira kupanga migration, kusamutsa makina kuchoka pa PLC yakale kupita pa yatsopano, ndalama zili kumeneko, osati kukhala mlonda wa zinyalala.

Mayi a Sitolo, Chitakale:
A Kondwa mukulankhula ngati madola amathyoledwa m'munda ngati tiyi. Ine ndakhala mu sitolo ya masipeya zaka 19, ndikuuzeni mmene zimayendera. Injiniya amalemba kuti tisinthe panelo yonse, koteshoni imabwera, mabwana amaivomereza, kenako pepala limakagona ku banki kudikira foreksi miyezi. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, makoteshoni onse amene ndinali nawo mu faelo anasanduka mapepala oyatsira mbaula. Ndiye pamene mukudikira panelo yanu yatsopanoyo fakitale iime? Tiyi sadikira munthu, kuyambira December mpaka April masamba amabwera ngati madzi.

Kondwa wa Automation:
Mayi sindikukana za foreksi. Koma mukawerengera ndalama zimene zimatayika fakitale ikaima masiku atatu pa sizoni mupeza kuti panelo ija inali yotchipa.

Mwana wa pa Chisitu ali ku Derby:
Ndalowa mochedwa, kuno ndi usiku ndangoweruka. Thoko mng'ono wanga, ntchito imene ukufunsayo ndi imene ndimagwira ine, ku mbali ya sitima zapamtunda. Ndinayambira kwathu konko ngati wamagetsi pa esiteti ina ku Mulanje. A Kondwa ndi Mayi a Sitolo nonse mukunena zoona, ndipo mkangano wanuwo ndiye ntchito yake imeneyo, kukhala pakati n'kunena ndi manambala kuti ichi tisinthe chaka chino, ichi tigule zambiri tisunge, ichi tisemetse, ichi chisiyeni chilibe vuto.

Mmene zimakhalira ndi chonchi. Sitima imapangidwa kuti iyende zaka 30 kapena 40, koma ka chip kamene kali mu bolodi yoyendetsa zitseko opanga amakasiya pakangopita zaka zochepa chifukwa msika wawo waukulu ndi mafoni ndi makompyuta osati ife. Akafuna kusiya amatulutsa chidziwitso, n'kupereka miyezi ingapo yoti uode komaliza, amati last time buy. Ukaphonya pamenepo watsala ndi mabroka. Ndiye ine tsiku ndi tsiku ndimakhala ndi mndandanda wa zida zonse za mu sitima, chilichonse ndimachifunsa mafunso atatu, kodi chikafa sitima iima? opanga ndi angati? atsala ndi zaka zingati akupangabe? Chimene chayankha moipa mafunso onse atatu chimapita pamwamba ndipo ndimakagogoda kwa abwana chisanafe. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Pali standard yake, IEC 62402, inatuluka 2007 n'kukonzedwanso 2019. Kuli ndi bungwe la anthu a ntchitoyi, International Institute of Obsolescence Management. A usilikali ku Amereka amaitchula DMSMS, iwowo ndiye anaiyamba mwamphamvu chifukwa ndege ngati B-52 yomaliza inapangidwa 1962 koma mpaka lero zikuuluka. Ngakhale NASA cha m'ma 2002 inkasaka ma chip a Intel 8086 mpaka pa eBay kuti zida zoyezera space shuttle zipitirire kugwira. Ndiye za tochi ndi mileme usachite nazo manyazi, kusiyana kwake n'koti iwo amadziwa chimene akusaka, inu munadalira kukumbuka kwa munthu mmodzi.

Thoko wa pa Goliati:
Eee achemwali kapena achimwene sindikudziwa, mwanditsegula maso. Ndiye munaphunzira kuti zimenezi?

Mwana wa pa Chisitu ali ku Derby:
Ndine mchemwali wako. Ndinayamba ndi Grade 3 ya trade test, kukwera mpaka Grade 1, kenako dipuloma, digiri ndinadzapanga ndili kale pantchito. Za obsolescence ndinaphunzirira pantchito ndi timakosi tifupitifupi. Anthu ambiri amene ndimagwira nawo anabwera chonchi, wina anali wa maintenance, wina wa procurement, wina wa quality. Pa intavyu chimene chinawagwira mtima si mapepala, ndinawafotokozera mmene tinkasungira jenereta yakale pa esiteti popanda manyuwalo ake.

A Kondwa mundimve bwino, migration ndi mbali ya ntchito yomweyi. Koma dziwani kuti PLC ya S7-300 imene ambiri anathawirako pochoka pa S5, Siemens inalengeza kuti kuyambira October 2023 yayamba kuitsazika, masipeya alonjeza kwa zaka khumi. Chatsopano cha lero ndi chakale cha mawa, ndiye pafunikabe munthu woyang'ana kalendala.

Kondwa wa Automation:
Pamenepo ndavomera. Ndaikapo ma S7-300 angapo ine ndemwe ndipo eni ake sakudziwa nkomwe za 2033. Koma ndikanenabe kuti kuno palibe kampani ingalembe munthu ntchito ya dzina limenelo, fufuzani mu nyuzipepala muone ngati mupeza.

Mayi a Sitolo, Chitakale:
Dzinalo simulipeza koma mupeza maintenance planner, reliability engineer, stores controller, technical buyer. Ndi mipando imeneyo. Ndipo Thoko mwanangu ndikuuze chinthu, injiniya amene amalowa mu sitolo n'kukhala nane pansi kuwerenga mabin khadi ndi wosowa kwambiri. Ambiri amangotumiza kapepala kolembedwa kuti beringi ya fani, osalemba nambala, ine ndidziwa bwanji? Beringi ili ndi nambala yake, 6205 ndi 6205 kaya wapanga ndi SKF kaya NSK kaya FAG, ndiye chinthu ngati chimenecho sichisowa, sindisunga zambiri. Koma marola a CTC odula masamba a tiyi, ma segimenti ake, zipangizo za mkati mwa rotorvane yophwanya masamba, giyabokosi yoti kampani yake inatsekedwa, zimenezo ndiye zondisowetsa tulo.

Komanso kusunga si kungoponya pa shelefu. Kuno ku Mulanje chinyontho mukuchidziwa, chiperoni chikagwa sabata yathunthu makoma amachita kulira. Ndinatsegulapo bokosi la maberingi okwera mtengo amene anagulidwa kuti tisunge, wina anang'amba pepala lake la mafuta kuti aone nambala n'kubwezera choncho, patapita zaka zitatu onse anali dzimbiri lokhalokha. Malamba ndi masili a labala amauma n'kung'aluka ali chikhalire osagwirapo ntchito. Ndiye ukagula zambiri mwa mantha ndalama zija umazikwirira.

Mwana wa pa Chisitu ali ku Derby:
Mayi mwalasa. Onjezanipo ma drive, ma VSD aja osintha liwiro la mota. Mkati muli ma capacitor amene amafooka akakhala nthawi yaitali osalawa magetsi. Drive yoti yagona mu sitolo zaka zitatu ukangoilumikiza mwadzidzidzi itha kuphulika pomwepo, imafunika kuidzutsa pang'onopang'ono, opanga amalemba ndondomeko yake mu manyuwalo. Ndiye sipeya imene mukuidalira mwina inafa kalekale muli chiyang'anire.

Thoko, mawa ukafike pa S5 ija ufunse zinthu ziwiri. Batire la backup linasinthidwa liti, ndipo pulogalamu yake ili pa EPROM, chip yosaiwala magetsi akazima, kapena pa kompyuta iti. Chifukwa ngati pulogalamu ili mu RAM mokha, batire n'kufa magetsi atazima, khadi ya mu shedi siikuthandizaninso, makina amakhala aiwala chilichonse.

Mlimi wa tiyi kumunsi kwa phiri:
Pepani ndilowerere ngakhale sindine injiniya, ine ndili ndi ka hafu hekitala ka tiyi ndimagulitsa masamba ku fakitale. Inu mukamakamba za makhadi ndi mabawuti kwa ife zimafika chonchi, tathyola kuyambira 5 koloko m'mawa mvula ili pamsana, tafika pa sikelo, kalaliki akuti lero sitikulandira fakitale yaima. Masamba a tiyi si chimanga choti ukasunga mu nkhokwe, pofika madzulo atentha afiira, ndinakawathira m'munda ngati manyowa, aganyu awiri ndiwalipirebe. Zinandichitikira masiku anayi otsatizana chaka china mu February, fizi ya mwana inathera pamenepo. Ndiye mwana iwe ngati pali sukulu yoti makina asamaime pa sizoni, pita ukaphunzire, ife tidzakudalitsa.

Thoko wa pa Goliati:
Bambo mawu anuwa andikhudza, amayi anganso amathyola tiyi.

Achemwali ndapita ndafunsa. Batire palibe akukumbuka tsiku limene linasinthidwa. Pulogalamu akuti ili mu laputopu ina yakale ya Windows XP imene imakhala mu kabati ya abwana, ndi yokhayo ili ndi serial port ndi kebulo yake, ndipo hinji yake inathyoka amaitsamiritsa ku khoma. Kope ina kulibe. Ndachita mantha zenizeni.

Kondwa wa Automation:
Imeneyo ndiye ngozi kuposa khadi ija. XP Microsoft inasiya kuisamala mu April 2014. Hard disk ya zaka zimenezo itha kugona lero osadzukanso. Mlongo wanga uwapemphe mwaulemu abwana ako, ine Loweruka ndikudutsa pa Thyolo boma popita ku Muloza, nditha kubwera ndi zida tikope pulogalamuyo, tiike pa ma flash awiri ndi pa imelo, tisindikizenso pa pepala. Sindilipiritsa. Koma batire musalichotse magetsi atazima, mudikire tikope kaye.

Wa zida za chipatala:
Ine ndimakonza zida pa chipatala china chakuno kummwera. Nkhani yanuyi ndi yathu yomwe. Kuseri kwa wodi kuli chipinda chodzaza ndi makina opatsidwa ndi abwenzi akunja, ma oxygen concentrator, ma monitor, ma suction, ena anabwera ali kale okalamba kwawoko ndiye opanga anasiya masipeya tisanawatsegule nkomwe mu katoni. Ena ndi a 110 volts, munthu kungolumikiza pa 230 yathuyi basi utsi. Concentrator imafa chifukwa cha tinthu tating'ono, fyuluta, ma valve, ma sieve bed osefa mpweya akamwa chinyontho, koma ukakhala ndi mitundu isanu ndi iwiri yosiyana sungasunge masipeya a yonse. Timaphwasula atatu kuti mmodzi adzuke. Usiku wina mwana wobadwa masiku asanakwane ankafunika mpweya, concentrator imodzi yokha ndi imene imagwira ndipo inali pa mwana wina, ndinakhala pansi pa simenti ndi tochi ya foni kusamutsa kompuresa kuchoka mu yakufa, manja akunjenjemera, anamwino ataima pakhomo osalankhula. Inadzuka. Koma sindifuna kudzaonanso usiku ngati umenewo.

Chimene ndikupempha amene mudzakhale pa mipando yogula zinthu, musanalandire makina funsani kuti masipeya adzapezeka mpaka liti ndipo kuti. Ku MUST pa Ndata pompa ndi ku MUBAS akuphunzitsa biomedical engineering, ana amenewo akamatuluka ntchito yawayembekezera ndi imeneyi.

Agogo Fitala, Luchenza:
A chipatala mwandikumbutsa mijigo. Taonani Afridev, mudzi uliwonse ulipo. Anthu anakhala pansi m'ma 1980, ndipo Malawi inali nawo pa ntchito yoyesa pampu imeneyo, anagwirizana kuti ikhale ya mtundu umodzi, pulani yake ikhale ya aliyense osati ya kampani imodzi, zodyeka zikhale timalabala ndi timapulasitiki totchipa toti komiti ya m'mudzi isinthe yokha ndi sipanala imodzi. Lero U-seal ndi bobbin umazipeza mu hadiweya pa Luchenza pompano. Amene anaganiza zimenezo anali mainjiniya, anaganizira za masipeya asanakumbe ndi dzenje lomwe. Mphero za dizilo za Lister ndi mathirakitala a Massey Ferguson 135 zakhalitsa pa chifukwa chofanana, zinachuluka ndiye opanga masipeya sanasiye.

Wa ku Joni:
Moni kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg ndimagulitsa masipeya a mafakitale, mwina foni ya Thoko ija inalira pa desiki ngati yanga. Ndikuchenjezeni za feki. Chinthu chikangosowa akuba amadziwa. Amatenga makhadi akale ochokera ku zinyalala, kutsuka, kumata sitika yatsopano, kuika mu bokosi lokongola. Maberingi ndiye osanena, bokosi lolembedwa bwinobwino dzina la kampani yotchuka koma chitsulo chake chofewa, pa fani ya draya sichitha mwezi. Musaganize kuti zimagwera ife osauka tokha, mu 2012 komiti ya Senate ku Amereka inapeza milandu pafupifupi 1,800 ya zida zamagetsi zokayikitsa zimene zinalowa mu zida za asilikali awo, tizidutswa toposa 1 miliyoni. Ngati anapusitsidwa amenewo kuli bwanji fakitale ya ku Thekerani imene ikuoda pa WhatsApp usiku makina ataima?

Ndiye munthu wodziwa kufunsa kuti chachokera kuti, pepala lake lili kuti, tiyese kaye tisanalipire, ameneyo kuno amalembedwa ntchito msanga, ku migodi, ku magetsi, ku masitima. Ndipo makasitomala anga a ku Malawi amene amanditumizira chithunzi cha nameplate chooneka bwino ndi nambala yonse ndimawathandiza tsiku lomwelo, koma ambiri amatumiza chithunzi cha chinthu chopsa chili m'manja n'kulemba kuti tikufuna ngati ichi.

Mayi a Sitolo, Chitakale:
Za feki zo ndinalira nazo. Tinagula ma contactor, maswichi oyatsa ndi kuzimitsa mota, otchipa kwa munthu wina wa chikwama chifukwa oda yeniyeni imachedwa, awiri anamatirira osatseguka, mota ya 30 kW inapsa tinakalukitsa ku Limbe. Kutchipa kuja kunatidyera kanayi.

Mphunzitsi wa ku tekiniko:
Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Thoko, za design usazitaye, chifukwa amene amasema chinthu chosowa ayenera kudziwa kujambula, ma tolerance, mitundu ya zitsulo ndi kuziumitsa kwake. Kukopera shafuti yodyeka osadziwa kuti poyamba inali ya saizi yanji ndi kukopera matenda. Agogo Fitala akuchitira umboni. Phunzira CAD bwinobwino, phunzira Excel mpaka uzilota, phunzira kuwerenga ma drawing a magetsi akale olembedwa pamanja. Ukamaliza sukulu kalembetse ku Malawi Engineering Institution kuti zaka zako zizikawerengedwa.

Ndipo usaone ngati ndi tiyi yekha. Nkula A inayamba kupanga magetsi 1966, inagwira zaka zoposa 50 isanakonzedwe mwamphamvu cha m'ma 2018, ukuganiza kuti zaka zonsezo amene ankaisamala masipeya ankawatenga kuti? Kuli EGENCO, ESCOM, ma water board, shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, njanji, timagetsi ta m'mitsinje ya m'phiri la Mulanje ngati ku Bondo pa Lichenya. Konseko kuli makina a mibadwo yosiyana akugwira limodzi. Ngakhale mafiriji ndi ma cold room, gasi wa R22 akuthetsedwa pansi pa pangano la Montreal, maiko ngati lathu tapatsidwa mpaka 2030, ndiye wina ayenera kuwerenga kuti tili ndi angati ndipo tiyambe ndi ati.

Ana anga a fitting and machining ndimawauza kuti injiniya wa digiri ndi fitala wa Grade 1 akamanyozana makina ndi amene amavutika. Iwe ukapita pa fakitale usakhale mu ofesi, vala ovolosi ukagwire girizi ndi madala.

Kondwa wa Automation:
Aphunzitsi funso la mwanayu linali loti angadye nayo. Tisamunamize. Malipiro a maintenance kuno si a pamwamba, ndipo ukagwira bwino ntchito imeneyi palibe amaona chifukwa palibe chaima. Amene amayamikiridwa ndi uja wadzutsa makina 2 koloko usiku, osati uja anapangitsa kuti asafe.

Mwana wa pa Chisitu ali ku Derby:
Zimenezo ndi zoona ngakhale kuno. N'chifukwa chake umalemba. Ola lililonse limene laini yaima ulembe, chifukwa chake, makilo a masamba amene anadikira kapena kutayika. Makilo anayi ndi theka a masamba aawisi amatulutsa pafupifupi kilo imodzi ya tiyi wouma, mtengo wa ku okushoni ku Limbe abwana amaudziwa pamtima, ndiye ukawaonetsa kuti khadi iyi ikafa tilibe ina ndipo tsiku limodzi ndi ndalama zakuti, amamva msanga kuposa kuwauza za IEC. Ine kukwezedwa kwanga koyamba kunabwera ndi pepala limodzi lotero.

Ndipo kumbukirani namondwe wa Freddy mu March 2023, misewu ndi milatho itaduka kwathu ku Mulanje ndi ku Phalombe, ngakhale sipeya ikanakhala pa Limbe pompo inalibe podutsa. Zinthu zina zimayenera kugona pa fakitale pomwepo, funso ndi loti ziti, poti zonse sungathe.

Thoko wa pa Goliati:
Ndalankhula ndi abwana anga lero m'mawa, ndimaopa kuti aona ngati mwana wa atachimenti akuwaphunzitsa ntchito koma anangoti khala pansi, n'kundiuza kuti nkhani ya laputopu ija imawasowetsa mtendere kwa zaka. A Kondwa akuti mubwere Loweruka, ndikutumizirani malo ku inbox. Andipatsanso ntchito yoti masabata asanu amene atsalawa ndizungulire fakitale yonse kuyambira ku matirafu mpaka ku sorting, ndijambule nameplate ya mota iliyonse, giyabokosi, drive ndi khadi, ndilembe mu Excel ndi mafunso atatu aja a achemwali. Ndayamba ndi mafani a withering ofotetsera masamba, ma nameplate ena anapakidwa penti kanayi ndikuchita kupala ndi ka waya pang'onopang'ono kuti manambala aoneke, lero ndakwanitsa 14 yokha. Iyi ndiye ikhala project yanga ya chaka chomaliza ngati asupavaiza avomera.

Mayi a Sitolo nditakufunsani, mu Excel mo ndiike chiyani kuti wa ku sitolo asavutike?

Mayi a Sitolo, Chitakale:
Nambala yonse ya opanga osadumpha ngakhale kachilembo kamodzi kakumapeto, makina amene chimalowa, zilipo zingati pa fakitale, mu sitolo zatsala zingati ndipo uzione ndi maso ako osakhulupirira khadi, tinagula liti komaliza kwa ndani, zinatenga masiku angati kufika. Uike ndi danga lolemba chinthu china chimene chingalowe m'malo mwake. Za mu shedi ya mileme zija uzilembenso, uzipukute, uzikulunge mu pulasitiki ya anti-static osati jumbo wamba, uzichotse pansi.

Agogo Fitala, Luchenza:
Mwanangu Thoko, ndatulutsa sutikesi ija. Makope awiri njenjete zadya m'mphepete koma manambala akuoneka, anayi ali bwinobwino. Muli miyeso ya mashafuti a rotorvane, mabushi a mkuwa a makina osefera, ndi mmene tinasinthira giyabokosi ina ya mainchi kuti ilandire maberingi a metric, ndinajambula mbali zonse. Makina ena mwa amenewo mwina ndi omwe ukuwapala pentiwo chifukwa mafakitale akuno ankagulitsana zinthu. Maso anga ayamba kuchita nkhungu, pali masamba ena ndinalemba mwachidule moti ndi ine ndekha ndingamasulire, ndiye ubwere ndikadaona. Ukatsika minibasi pa Luchenza uimbe, mdzukulu wanga adzakuchingamira pa njinga.

Thoko wa pa Goliati:
Agogo ndibwera Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndibwera ndi foni yojambula bwino ndi kope yanga yatsopano. Achemwali a ku Derby, ndikajambula ndikutumizirani muone mmene tingawasanjire.

Mphunzitsi wa ku tekiniko:
Agogo ngati mulola ndibwere nawo ndi ana anga awiri a machining, adzamve nkhani ya Whitworth ija pakamwa panu. Ndidzatenga thread gauge ndi mabawuti angapo osakaniza kuti adzayese kusiyanitsa pamaso panu.

Agogo Fitala, Luchenza:
Bwerani nonse, mipando ndibwereka kwa aneba. Mudzatengenso veniya, yanga inagwa nsagwada zake sizikumananso bwino.